Ndinkalondera Bokosi Lopanda Kanthu

Inu owerenga, ine ndinataya mawu a mwamuna wanga ndili maso, ndikuwalondera tsiku ndi tsiku.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchito inandibweretsa ku Rumphi Boma, ndipo mu ofesi momwemo ndinakumana ndi mnyamata wa ku Katowo, woimba kwaya kutchalitchi. Tinakwatirana. Ndili woyembekezera, iye ankajambula pa foni tinyimbo ta Chitumbuka toti adzagonekere mwana. Foni ikadzaza, ankatisamutsira pa kompyuta ya kuntchito. Ngozi ya minibasi ku Njakwa inamutenga pamodzi ndi foniyo, mwana asanabadwe.

Nditabwerera kuntchito, anzanga akapita ku nkhomaliro ndinkakhala pa mpando wa mwamuna wanga, n'kulemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. Zonse zinkatseguka monga anazisiyira. Ndinkatsinzina, iye n'kumaimba, pena kulakwitsa n'kudziseka yekha. Panja mphepo ya ku Nyika ikugwedeza mitengo, ine ndinkangoona ngati wapita kukagula nthochi, abwera posachedwa. Ndinkalota tsiku limene mwana adzakule, ndidzamukhazike pampandopo amve bambo ake.

Kompyutayo ndinkaisamala kuposa mbale za apongozi. Kuipukuta, kuifunditsa chitenje, wofuna kuisuntha ankaona polekera. Zoti ndikopere nyimbozo pena sizinandibwerere n'komwe, poti bokosi la kompyutalo ndinkaliona ndi maso anga.

Lolemba lina ndinalemba dzina, inakana. Ndinabwereza, inakananso. Ndinaitana bambo woona za makompyuta, ndipo anandifotokozera atazolika. Bokosilo munalibe kanthu, linali ngati zenera chabe. Kompyuta yeniyeni ya wantchito aliyense imakhala ku likulu ku Lilongwe, yolumikizidwa ku kaundula wa mayina. Ukalemba dzina, makina amayamba afunsa kumeneko ngati ukudziwika. Uthenga wa imfa ya mwamuna wanga utafika ku likuluko, dzina lake analichotsa, ndipo zake zonse zinafufutika nalo limodzi.

"Pepani chomene, mama," anatero bamboyo. "Mukanandiuza kale, tikanakopera."

Ndinalira kuposa tsiku la maliro, chifukwa ulendo uno anachoka ndi mawu omwe.

Abale anga, za kumtima musamazisungire pa kompyuta ya kuntchito. Si yanu, ndipo dzina lanu likachoka ku likulu palibe amakufunsani. Koperani lero, musadikire.

Mwana wanga tsopano amayankhula. Akandifunsa kuti adadi ankaimba bwanji, ndimayesa ndithu, koma Chitumbuka changa n'cha ku Ntcheu, ndipo mawu amatuluka anga.