Magetsi a kumbuyo kwa galimoto ya alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti yomwe ine ndinkayendetsa thirakitala yonyamula masamba. Atagula kagalimoto kakale ku Luchenza anasiya n'kuyankha moni komwe. Munthu wamatama ngati uja sindinamuonenso.

Nyengo ina ya chiperoni magetsi ofiira a kumbuyo kwa galimotoyo anayamba kuyaka okha. Kiyi ali m'thumba, iwo ali psuu m'nkhungu, kukacha batire yatha. Akanandifunsa nkhani ikanathera pomwepo, koma kapitawo angafunse wa thirakitala? Anakafunsa azakhali awo ku Thekerani. Azakhaliwo anati amenewo ndi maso, mkazi wawo waikamo mankhwala kuti aziona kulikonse kumene mwamuna akupita.

Lachisanu masana mlongo wanga anatulukira kwanga, chikwama pamutu, alamuwo atamuletsa kutenga ana ake awiri.

"Achimwene, akuti ndine mfiti," anatero. Sanalire. Ankangofuna dzina lake liyere, abwerere kwa ana.

M'mawa mwake ndinapita kwa alamuwo ndi sipanala. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, ndipo fungo lake, mayo ine! Makoko a nthochi owola, timabotolo ta mowa, ndi duku lomwe silinali la mlongo wanga. Pamwamba pa chopondera mabuleki pamakhala kaswichi. Ukachotsa phazi, choponderacho chimabwerera n'kukadina, magetsi n'kuzima. Kalabala kodinira kanali katanyenyeka, zidutswa zake zili pansi pomwepo. Ndinamangapo kabawuti, ndinamasula nati ya swichi, kuisendeza pang'ono, n'kumanganso.

"Alamu, pondani. Siyani tsopano."

Anaponda okha, anasiya okha, anazungulira kumbuyo n'kuona magetsi atazima. Zidutswa za labala ndinawaika m'manja. Ndinauza mlongo wanga kuti mawa, ankhoswe akadzakumana kukamba nkhaniyi, asaope chilichonse.

Lamulungu tinasonkhana pakhonde pa alamuwo, mlongo wanga asanafike. Mlamu wanga uja anaimirira, wopanda manyazi ngakhale pang'ono, n'kuloza galimoto.

"Onani nokha. Chichokereni mayi uja, magetsi azima."

"Alamu!" ndinakuwa. "Si inu munkaponda dzulo ine ndili pansi?"

"Anangobwera kudzasuzumira ameneyu," anauza anthu, osandiyang'ana.

Azakhali aja anagwedeza mutu, ati mlongo sangatsutse mlongo wake. Magazi anandiwira. Ndinapita pagalimoto, ndinamasula kabawuti kanga anthu onse akuona, magetsi n'kuyakanso. Ndinakakweza m'mwamba kuti aliyense akaone.

Palibe anayang'ana dzanja langa. Onse ankayang'ana kunjira ya m'tiyi, kumene mlongo wanga ankakwera chitunda atavala chitenje chake cha kutchalitchi.

"Mwaona?" anatero azakhaliwo, akuomba m'manja. "Wangoponda pabwalo, ayakanso!"

Anthu akuluakulu, a imvi zawo, n'kumavomereza. Ndinalavula pansi. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope zija chakudya sichilowa.

Mlongo wanga anamva mawuwo. Anayang'ana magetsi, anayang'ana mwamuna wake, ndipo mphasa imene anamuyalira sanakhalepo. Analowa m'nyumba n'kutuluka atagwira ana ake manja. Azakhali anatsegula pakamwa, ine ndinaima pakhomo ndi sipanala yanga, iwo n'kutseka.

Tinatsika chitundacho anthu anayi. Duku lija linalowa m'nyumbamo mwezi usanathe, mwini wake atalivala.