Kompyuta imene inakana kupuma

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi anandichotsa pafamu ku Matepatepa n'kunditumiza kwa amalume ku Aerodrome, m'tauni ya Bindura. Kusukulu ya pakomboni aphunzitsi anali atachoka mmodzimmodzi, ndipo atsikana amsinkhu wanga ankangothera kusankha fodya. Pondikweza basi amayi anandiuza mawu amodzi okha: "Esinati, ukakhale bwino ndi anthu, akakubweza kuno sukulu yathera pomwepo." Choncho ndinkayenda monyang'ama m'nyumba ya eni, ngakhale kutsokomola ndinkachita kusankha nthawi.

Amalume ankayang'anira mapampu opopa madzi pansi pa mgodi. Akazi awo, amene ndinkawatcha azakhali, anali mayi wa mapemphero, wa maso akuthwa. Mwana wawo Tendai, amene ndinkamuitana kuti mukoma monga a Chishona amaitanira mkulu wawo, ankagwira ntchito mu ofesi, ndipo anali ndi kompyuta pabalaza. Ankaikonda kuposa anthufe. Ine ntchito yanga inali kuipukuta fumbi m'mawa, kunja kokha, osakhudza batani lililonse.

Kompyutayo inali ndi khalidwe lake. Mukoma akamaigwiritsa ntchito fani yake inkalira kwambiri, akaisiya inkatsika mawu mpaka kungonong'ona. Koma mukoma atabwera kuchokera ku Harare kumene anakakhala masiku angapo, zinthu zinali zitasintha. Akangoiyatsa, phokoso linali lomwelo mpaka kuizimitsa, ngakhale munthu asaikhudze. Bokosi lake linkatentha ngati simbi, ndipo pabalaza pankamveka kafungo ka fumbi lopsa.

Mukoma anatsegula kapulogalamu kosonyeza liwiro la purosesa, kachipangizo kamene kamachita ntchito yonse m'katimo. Anandiuza kuti ikakhala ilibe chochita imayenera kuchepetsa liwiro yokha kuti izizire. Koma nambala inangoti nji pamwamba, osatsika. Anafufuza mavairasi, sanapeze. Anatsegula bokosi n'kupemerera fumbi, sizinathandize. Anayang'ana mosankhira kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, zonse zinali m'malo. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ndili ku Harare unaigwira?"

Ndinakana. Sanandikalipire, koma kuyambira tsiku limenelo ankachotsa chingwe cha magetsi n'kupita nacho kuntchito. Zinandiwawa kuposa mbama.

Azakhali iwo analibe nazo ntchito za mavairasi. Kwa iwo chinthu chogwira ntchito popanda wochigwiritsa chinali ndi mwini wake wosaoneka. Ndinawamva akuuza mnzawo wa kutchalitchi kuseri kwa nyumba kuti kumafamu anthu amasunga chikwambo, kanthu ka ufiti kamene kamagwirira munthu ntchito, ndipo mwana akhoza kubwera nacho osadziwa n'komwe. Anayamba kupemphera mokweza akamadutsa pamene ndinkagona. Chikwama changa ndinachipeza chitapisidwa, zovala zitapindidwa mwa mtundu wina. Mbale yanga inayamba kutsukidwa payokha.

Nanenso mtima unada. Ndinkakayikira mukoma kuti waononga yekha ndipo akufuna pokankhira mlandu. Ndinkakayikira azakhali kuti angotopa ndi pakamwa poonjezera m'zaka zimene buledi anthu ankachita kumuimira pamzere. Mpaka ndinayamba kudzikayikira ndekha, n'kumafunyulula kansalu kamene amayi anandipatsa kuti ndione ngati munali china chake. Amalume okha ndi amene sankadandaula. Akabwera kushifiti ankaima pafupi ndi kompyuta ija, kumvetsera, kugwedeza mutu, n'kukagona. Nkhani ya ine sanauzidwe, poti ndinali mwana wa mlongo wawo.

Loweruka lina azakhali anandiuza kuti ndilongedze, mawa lake ndikaone amayi. "Ukapumeko pang'ono," anatero, maso ali kumbali. Yunifolomu yanga anaiika okha m'chikwamamo, ndipo ndinadziwa kuti ulendowu unalibe wobwerera. Ndinakhala pakhonde osalira.

Masana omwewo mukoma anayesa kotsiriza. Poyatsa anadina batani lina, sikirini n'kukhala yabuluu yodzaza timalemba, kumene amati n'kumene kompyuta imasunga malamulo ake oyambira. Anatsika mzere ndi mzere mpaka anaima. Lamulo lolola purosesa kuchepetsa liwiro linali litazimitsidwa. Analiyatsa, n'kuyambitsanso makinawo. Nambala ija inatsika, fani inayamba kufooka, mpaka pabalaza panati zii.

"Izi sizizima zokha, pali munthu analowa muno," anatero mukoma. Azakhali anandiyang'ana. Ine malo amenewo ndinali ndisanawaonepo chibadwire, koma ndani akanandimvera?

Apa m'pamene amalume anatulukira kuchipinda, tulo tili m'maso, atadzutsidwa ndi bata. Anatchera khutu, nkhope n'kugwa.

"Yayambanso kufooka? Nanga mnyamata uja anakonza chiyani?"

"Mnyamata uti, baba?" anafunsa mukoma.

Amalume anafotokoza mosabisa, akuoneka kuti akuyembekezera kuthokozedwa. Kuyambira kale phokoso lokwera ndi kutsika lija linkawasowetsa mtendere. Kumgodi pampu ikasintha mawu, ikayamba kutsika, ndiye kuti madzi akubwera ndipo anthu athawe. Choncho mukoma ali ku Harare, azakhali atapita ku Masembura kukafuna chimanga, ine ndili kusukulu, iwo anaikulunga m'bulangete, kuimanga panjinga, n'kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza zamagetsi m'tauni. Anamuuza kuti aipange izilira ndi mawu amodzi, osafooka. Mnyamatayo anachitadi zimene anauzidwa.

"Makina abwino sapuma, mwanangu," anatero amalume. "Ndimati ndikuchitire zabwino usakudziwa."

Mukoma anagwira kumutu, kenako anaseka mpaka misozi, akufotokozera bambo ake kuti kompyuta si pampu. Ine sindinaseke. Amalume ataona chikwama pakhomo anafunsa kuti n'cha ndani. Azakhali anachinyamula mwakachetechete, kutulutsamo yunifolomu ija, n'kuyamba kuisita ngakhale inali yositasita kale. Sanapepese tsiku limenelo kapena lina lililonse. Madzulo mbale yanga inatsukidwa pamodzi ndi zinzake, ndipo Lolemba ndinapita kusukulu.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo amalume anatisiya kale. Ndikaganiza za nyumba ija, chimandiopsa n'chakuti munalibe munthu woipa. Wina ankateteza chuma chake, wina banja lake, wina ankathandiza mwa njira yokhayo imene mgodi unamuphunzitsa. Mukoma anafufuza mzere uliwonse m'makina aja, koma mwa anthu onse a m'nyumbamo anafunsa mmodzi yekha, amene anabwera posachedwa ndipo analibe womuyankhulira. N'chifukwa chake m'kalasi mwanga chinthu chikasowa kapena kuonongeka, ndimayamba kufunsa amene ndimawadziwa bwino. Mwana wachilendo ndimamufunsa pomalizira, chifukwa ndikudziwa kulemera kwa chikwama chimene wina wakulongedzera.