A Vitus Sagumula Khoma la Mnzawo

A Vitus Zulu a ku Kapondo anamanga nyumba za anthu zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawagwira m'nyengo yokolola chimanga. Dzanja lamanja linafota ngati tsamba la fodya m'chigafa. Adokotala a ku Boma anati zalazo zizitakataka tsiku ndi tsiku, apo ayi mpeni womangira autsanzike.

Mwana wawo Luwiza, amene amapikula zitenje ku Chipata, anabwerako ndi gemu yamakedzana ya pakaunjika, nailumikiza ku TV ya sola. M'mwamba munali khoma la njerwa, pansi kathabwa, pakati kampira.

"Ababa, muzimenya kampirako ndi kathabwaka kuti kakagumule njerwa. Zikatha zonse, mwawina."

"Kugumula kukhale kuwina? Iwe, unaumbapo njerwa?"

"Si zenizeni, ababa."

"Alipo anaziyala. Khoma la mnzako sagumula."

Choncho a Vitus ankasewera mozinda. Kampira kakatsikira kumanzere, iwo ankathawitsira kathabwa kumanja. Kakagwa katatu gemu inkatha, khoma lili chilili.

"Lapulumukanso," ankatero, n'kuyambiranso.

Komatu kuzinda nako ndi ntchito. Chisanu cha Juni chinadutsa, mphepo ya Ogasiti inaulutsa fumbi, ndipo zala zija zinayamba kumvera mwini wake.

Masiku amenewo mkamwini wawo Felix, woyendetsa mathiraki, pofuna kukondweretsa apongozi anamaliza khoma la khitchini imene iwo anaisiyira pamaziko. A Vitus anathokoza ali chikhalire, osakaliona.

Mu Okutobala, nyenje zikulira ndipo mitambo itayamba kusonkhana cha ku Zambia, anatola mpeni womangira uja. Sunagwe. Anapita nawo kuseri, nazungulira khoma la mkamwini kawiri. Njerwa zinangosanjikizana mzere umodzi, osalumana, ndendende za pa TV.

"Luwiza, patse hamala."

"Ababa! Suja munati khoma la mnzako sagumula?"

"La pa TV mayi ako saphikiramo."

Anakweza hamala ndi dzanja lamanja. Njerwa yoyamba inagwa, yachiwiri, kenako mzere wonse gumu! Felix, amene anali ataima chapafupi, anangovula kapusi, naivalanso.

Luwiza sankayang'ana khoma. Maso ake anali padzanja lija.

"Ababa, mwawinatu," anatero.

"Usandisokoneze. Mvula ili pafupi. Akamwini, kandani matope."