Mpando wa a Sindinamve

Pafakitale ina ya sopo onse ankangowaitana kuti a Sindinamve. Akuluakulu akabwera ndi lamulo lopanda mutu, mayiwa ankapendeketsa khosi n'kunena kuti, "Pepani bwana, sindinamve bwino." Bwana akabwereza kawiri katatu, nthawi zambiri ankadzimvera yekha kupusa kwa mawu akewo n'kulisiya lamulolo. Makutu awo analibe vuto ngakhale pang'ono. Makina odulira sopo akangosintha kaliridwe, iwo ankamva ali kuchipata.

Analowa ntchito ali mtsikana, akusesa nyenyeswa za sopo. Kenako anatha zaka khumi ndi zinayi pamzere wolongedza, pamene sopo amabwera pa lamba iwe n'kumaika m'makatoni mpaka zala kusupuka. Atawakweza kukhala kapitawo anawapatsa kachipinda ka magalasi, makiyi, ndi mpando wozungulira wa khushoni. Mpandowo unkangotuwa ndi fumbi, eni ake ali kumzere. Musaganize kuti anali munthu wa nsangala. Ukachedwa ankakuitanira kuseri kwa makatoni n'kukusambitsa chokweza mpaka kulakalaka pansi patang'ambika. Koma pagulu sankachititsa munthu manyazi, ndipo katundu akabwezedwa ndi ogula, ankalowa okha mu ofesi n'kunena kuti, "Mzere ndi wanga, funsani ine."

Zinthu zinatembenuka mwini fakitale atadwala n'kusiyira mwana wake. Bwana wamng'onoyo anabwera ndi nsapato zosongoka ndi nzeru za m'mabuku. Sabata yoyamba anayendetsa alendo m'fakitale, n'kuona olongedza atakhala pa timipando tawo. Zinamunyansa. Akuti munthu wogwira ntchito chokhala amaoneka waulesi. Lolemba lotsatira timipando tonse tinali titatsekeredwa mosungira katundu.

A Sindinamve anayesa mankhwala awo akale aja, koma uyu anangobwereza mokweza, kenako analemba lamulolo papepala n'kumata pakhoma.

Achinyamata anapirira. Amene sakanatha anali Azakhali, mayi wachikulire amene anaphunzitsa theka la mzerewo kupinda makatoni, kuphatikizapo a Sindinamve amene. Miyendo yawo inkatupa mpaka nsapato kukana kuvuka. Zinawatsalira zaka ziwiri kuti apume pantchito mwaulemu, ndipo kunyumba ankalera adzukulu atatu. Pofika Lachinayi anali akutsamira tebulo, sopo akuwadutsa. Lachisanu m'mawa anangoti khwa, kukhala pansi pa simenti, ndipo bwana wamng'ono anawaona.

Masana omwewo m'kachipinda ka magalasi munafika kalata yochotsa Azakhali ntchito. Inangotsala kusainidwa ndi kapitawo, monga malamulo a kampani ankafunira. A Sindinamve anaiwerenga, mtima unawawa, kenako unapsa. Anaganiza za ana awo awiri amene anali pasukulu, anaganiza za amuna awo amene ntchito inawathera chaka chapitacho. Mantha anali nawo, tisanamizane. Koma kalatayo anaipinda n'kuiika m'thumba, anasenza mpando wozungulira uja pamutu, n'kudutsa nawo fakitale yonse anthu akuona.

"Azakhali, khalani apa."

"Iii mwanawe, ukufuna undiphetse?"

"Khalani, ndanena ine. Sopo akudutsa uyo."

Sipanatenge nthawi, bwana wamng'ono anatsika masitepe awiriawiri. "Amayi, mpando uwu ndi wa kapitawo."

"Eya, ndi wangadi. Ndawabwereka."

"Lamulo lili pakhomali simunalione?"

"Ndaliona, bwana. Taimani apa inu mulongedze mpaka belu loweruka, mukatha mudzandiuze za ulesi. Makatoni amene mayi awa alongedza ndi amene anakuphunzitsani sukulu. Kalata yanu nayi. Dzanja langa silisaina zimenezi."

Bwanayo anati ngati zili choncho apereke makiyi. A Sindinamve anawamasula m'chiuno n'kuwaika pa katoni, nkhope ili gwa. Bwana uja anakweza makiyiwo m'mwamba n'kufunsa amene akufuna ukapitawo. Makina ankangolira. Anthu makumi atatu, ambiri a iwo ausiwa wosabisika, maso onse anali pa sopo. Analoza wokonza makina, yemwe anayankha kuti manja ali ndi girizi. Analoza wokankha ngolo, yemwe anati kuwerenga kumamuvuta, chonsecho ndi amene ankawerengera anzake nyuzipepala pa nkhomaliro.

Azakhali anayamba kudzuka, misozi ili mbwembwembwe. "Basi mwanawe, ndipite ine. Usafere za eni."

A Sindinamve anawagwira paphewa n'kuwabwezera pampando. "Mukadzuka pamenepo mwandivula pagulu, Azakhali. Khalani."

Ukapitawo unawathera tsiku lomwelo. Kuwachotseratu bwana sanayerekeze, poti panalibe wina wodziwa mzerewo ngati iwo, choncho anawabweza kolongedza, malipiro n'kutsika. Kapitawo watsopano anachita kuchokera kunja. Atamva nkhaniyi, kalata ija itamufika kuti asaine anangoiika pansi pa mapepala ena, ndipo bwana wamng'ono, manyazi atamugwira, sanaifunsenso. Timipando ta ena onse sitinabwerere, dziko silikoma chotero. Koma mpando wozungulira unakhala pomwepo, akuluakulu akumaulambalala ngati sakuuona. Azakhali anamaliza zaka zawo ziwiri atakhala, a Sindinamve ali chiimire pambali pawo kuyambira belu la m'mawa mpaka loweruka, nayonso miyendo yawo itayamba kutupa.

Tsiku lina a Sindinamve ataweruka, amuna awo powathirira madzi otentha m'beseni loviikamo mapazi anafunsa motsitsa mawu, "Koma amake mwana, simukanangosaina?"

A Sindinamve anayang'ana mapazi awo otupawo. "Ndikanasaina bwenzi miyendoyi ili bwinobwino," anatero. "Nanga m'mawa mwake ndikanalowera chipata chiti?"