Kuphonya Mmbulu ku South Bend

Uta uja ndinaugula chifukwa cha pakamwa panga. Tinapita amuna atatu a kutchalitchi kukagula mbuzi ya Khirisimasi kwa mlimi wina wachizungu kunja kwa mzinda wa South Bend ku Amereka, ndipo anzanga ali mkati mosankha mbuzi, mwini kholayo anayamba kudandaula kuti chilombo chikumuthera ana a mbuzi. Anatisonyeza chithunzi pa foni: chinyama chotuwa, chonga galu wa kumudzi wosadyetsedwa, koma chamchira waubweya wambiri. Iye ankati ndi kayoti, ati mimbulu yeniyeni ili kutali kumpoto. Ine nditangochiona ndinati mmbulu, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Ndiye m'malo mongoti pepani n'kunyamula mbuzi yathu, ndinayamba kudzitama kuti kwathu ku Ntchisi ndinaleredwa ndi mlenje, chinyama ngati chimenecho kwa ine ndi muvi umodzi basi.

Silinali bodza lokhalokha. Amalume anga analidi mlenje wa uta, ndipo anandiphunzitsa kukoka nsinga pa tchuthi cha ku sekondale. Ndinalasapo insa imodzi ndi nkhanga ziwiri. Chimene sindinanene n'chakuti panali patadutsa zaka makumi awiri. Mlimi uja sanachedwe, analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi pepala londilola kusaka m'munda mwake. Anzanga aja anandiseka njira yonse yobwerera.

Kusitolo anafuna kundigulitsa uta wamakono, wa timawilo ndi kachipangizo kolozera. Ndinakana. Ndinatenga wamtengo, wautali, wopanda chilichonse, wonga wa amalume. Kuseri kwa sitoloyo kunali chipinda chofunda chophunziriramo kuponya, ndipo patatha masabata atatu mkono unakumbukira zakale. Mivi inkagundana pakati pa chandamale, moti wogulitsa uja mpaka anaitana mnzake kuti adzaone.

Ndinene chimene chinkandiyendetsa, chifukwa sizinali mbuzi za mzungu ayi. Kumudzi ndinali mphunzitsi, ana akandiona ankaima chilili. Ku South Bend ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira nkhalamba, kusambitsa, kutembenuza ndi kupukuta anthu amene ena mwa iwo sankakumbukira n'komwe kuti ndinawasambitsanso dzulo. Mkazi wanga anayamba ntchito yomweyo limodzi nane, koma iye anapeza malo ophunzira unamwino ku Indianapolis. Lolemba mpaka Lachisanu ankakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, kwa mayi wina wamasiye wa kwathu, n'kumabwera kunyumba Loweruka. Iye ankakwera, ine ndili pomwepo. Pamaso pa anthu ndinkamunyadira, ndipo sindinkanama, koma ndikatsala ndekha zinkandiwawa. Uta unandipatsa chinthu chimodzi chimene ndinkati ndikuchidziwa kuposa wina aliyense.

Kusaka mmbulu ndi uta ndi ntchito yokhala pansi. Umafika mbandakucha, n'kukhala m'mphepete mwa munda wa chimanga wokolola kale, mphepo ikukuomba kumaso kuti fungo lako lisapite kumene chilombo chikuchokera. Umaliza kamluzu kolira ngati kanyama kovulala, kenako umadikira, zala zikuuma ndi chisanu. Chilombocho chiyenera kufika pafupi, mayadi makumi awiri, apo ayi usadzivute n'komwe.

Ulendo wachitatu mmbulu unabwera. Unatulukira m'mitengo ukuthamanga pang'onopang'ono, n'kuima cham'mbali, nthiti zonse poyera, ngati ukundipatsa dala. Ndinakoka, ndinasiya. Muvi unapita kumanzere n'kukazika m'chipale chofewa, chilombocho n'kungotembenuka ulendo. Ndinati ndi mantha a kuponya koyamba. Nditaphonya kachiwiri ndinati ndi mphepo. Kachitatu kunalibe mphepo, kunalibe mantha, mmbulu unaima pafupi moti ndinkaona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake, ndipo muvi unapitanso kumanzere. Tsiku lomwelo ndinapita kuchipinda cha kusitolo kuja n'kulasa pakati kasanu motsatizana.

Kuphonya kuli ndi ululu wakewake. Umabwerera ku galimoto ukuuonabe muvi uja ukuuluka, umadya ukuuona, umapita kuntchito ukuuona. Ndinkasambitsa nkhalamba zanga maganizo ali m'munda wa chimanga. Mlimi uja ankangondikwezera dzanja ndikamatuluka pachipata, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandinyoza. Kutchalitchi anzanga aja anali atayamba kale kunditchula kuti a Muvi Umodzi.

Ndinaimbira amalume. Anali atakalamba, maso akuona pang'ono, koma pakamwa pali pomwepo. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andifunsa za nthenga za muvi kapena kaimidwe ka miyendo.

"Mkazi wako ali kuti?" anafunsa.

"Ali kusukulu, amalume. Ku Indianapolis."

"Amagona kuti?"

"Komweko. Amabwera Loweruka."

Ndinkamva nkhuku zikulira kumbali yawoko.

"Iwe mphwanga, unaiwala zonse? Mlenje akalowa m'thengo, mkazi kunyumba amadzisunga. Akangoyenda ndi mwamuna wina, muvi umapatuka wokha. Pa chandamale ukulasa, pa nyama ukuphonya. Ukufuna ndikuuzenso chiyani? Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."

Ndinaseka, ndinawauza kuti zimenezo n'zakale, ife ndife Akhirisitu. Nditadula foni ndinasekanso ndekha. Koma sabata isanathe, ine amene ndinkaphunzitsa ana a eni sayansi, ine wowerenga mawu patsogolo Lamulungu, ndinayamba kudziuza kuti galu wamkota sakandira pachabe. Zimandinyansa kulemba zimenezi. Sindinganene kuti amalume ndiwo anandilowetsa nsanje, inalimo kale. Iwo anangoipatsa poimira.

Ndinayamba kumuyang'ana mkazi wanga monga mlenje ayang'anira mapazi a nyama. Akabwera Loweruka ataluka tsitsi latsopano, ndinkadzifunsa kuti walukira ndani. Akagona masana buku lili pachifuwa, ndinkadzifunsa kuti watopa ndi chiyani. Iye osadziwa kanthu, ankangondiseka monga mwa masiku onse.

"Abambo, mmbulu wanu uja mukungokaupatsa moni basi?"

Kale ndikanaseka naye. Tsiku limenelo ndinamva ngati akundinyoza podziwa chimene wachita.

Lachitatu lina madzulo ndinamuimbira, sanayankhe. M'mawa mwake ndinali pa ofu, ndinapita kumunda kuja n'kuphonya kachinayi. Sindinakatole n'komwe muvi. Ndinaponya uta kumbuyo kwa galimoto n'kulunjika ku Indianapolis, maola awiri ndi theka, minda yopanda kanthu mbali zonse, ine ndikuzenga mlandu ndekha, woimba mlandu ine, mboni ine, woweruza ine ndemwe.

Ku Lawrence ndinadikira poimika magalimoto mpaka cha m'ma folo koloko. Kunabwera galimoto yoyendetsa mwamuna, mkati muli akazi atatu ovala yunifolomu ya anamwino. Mkazi wanga anatsika akuseka. Munali anthu anayi m'galimoto imene ija, koma ine ndinaonamo mmodzi.

Titalowa m'nyumba, mayi wamasiye uja anatipangira tiyi. Sindinadikire n'komwe kuti atipatse mpata.

"Ujayu ndi ndani?"

"Mnzathu wa m'kalasi. Amatidiropa tonse, basi imachedwa. Nanga mwabwera bwanji osanditekisita? Kwagwanji?"

"Dzulo sunayankhe foni."

Chikwatiranireni ndinali ndisanamutchulepo iwe pamaso pa munthu. Anandiyang'ana.

"Ndinali ku kiliniki, foni timasiya m'loka. Ndinakuuzani sabata yatha."

"Ndaphonya kanayi," ndinatero. "Amalume akuti mlenje saphonya chabe."

Mkazi wanga ndi wa ku Dowa, mwambowo ankaudziwa, sipanafunike kumasulira. Anaika kapu pansi. Mayi uja anadzuka mwakachetechete n'kulowa kuchipinda.

"Mukundifunsa ngati ndikuyenda ndi mwamuna?"

"Ndikufunsa."

"Ayi. Chikwatiwireni sindinayendepo ndi munthu."

"Tiona," ndinatero.

Pa mawu onse amene ndinalankhulapo m'moyo wanga, amenewo ndi amene ndimadana nawo kwambiri. Loweruka anabwera ndithu kunyumba, ine n'kufunsanso. Anatenga Baibulo lake pa tebulo, analigwira ndi manja awiri, n'kukana akulira. Ndinamuyang'ana ndili gwa, ndikuganiza kuti akazi onse amalira. Kachitatu ndinamufunsira pa foni, iye ali pakati pokonzekera mayeso. Anakananso, koma ulendo uno sanalire. Loweruka lotsatira sanabwere, ndipo ine ndinati umboni ndi umenewo.

Chisanu chili pafupi kutha, mlimi uja anali atatayanso ana a mbuzi awiri. Tsiku lina anandiimitsa pachipata n'kunena kuti akufuna aone m'mene ndimaponyera. Anaika mtolo wa udzu pafupi ndi khola. Ndinaponya monga ndinavalira, ndi jekete langa lochindikala la m'nyengo yozizira. Muvi unapita kumanzere.

"Ponyanso," anatero, ataima pambali panga penipeni.

Ndinaponya. Anagwira mkono wamanzere wa jekete lija n'kuutembenuza. Mkati mwa mkonowo nsalu inali itaperepeseka, pali mzere woonekeratu.

"Nsinga ikumenya apa. Sukumva kulira kwake?"

Ndinali ndisanamvepo, chifukwa makutu ndinkawatseka ndi chipewa. Kusitolo kuja ndinkavula jekete n'kuponya ndili m'shati. Kumunda ndinkavala, nsinga n'kumakwapula mkono wofufumawo, muvi n'kupatuka. Mlimiyo anatenga tepi yakuda m'thumba, anakulunga mkono wa jekete kuti uthine, n'kundiuza kuti ndiyesenso. Mivi itatu inakazika pamalo amodzi, yoti n'kuiphimba ndi chikhatho. Anaseka n'kundisisita paphewa, ati aliyense zimamuchitikira chisanu choyamba.

Amalume moyo wawo wonse anasaka mikono ili pamtunda. Za jekete akanazidziwira kuti? Sindinawauze mpaka anamwalira, chifukwa ndinkadziwa kuti adzangoti jeketelo linatumidwa. Koma ine, amene ndinali ndi maso, makutu ndi sukulu, ndinayenda miyezi iwiri ndikufunafuna mwamuna ku Indianapolis, cholakwa chili pa mkono wanga womwe.

Uchitsiru wanga sunathere pamenepo. M'malo mochita manyazi, ndinasangalala. Ndinaona ngati ndanyamula uthenga wabwino. Loweruka ndinadzuka m'mawa, ndinaika jekete lija pa mpando wakutsogolo tepi ili pomwepo, ndinadzera m'masitolo a ku Lafayette Road n'kugula nsomba zouma ndi chinangwa, zimene iye amakonda. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndipo m'maganizo mwanga nkhani inkathera poseka tonse awiri.

Ananditsegulira, koma anaima pakhomo pomwepo.

"Amayi, ndapeza chimene chinkachitika. Simunali inu ayi. Ndi jekete."

Ndinamusonyeza mkono uja, mzere uja, ndinafotokoza za nsinga, za mtolo wa udzu, za mivi itatu. Anamvetsera zonse osandidula.

"Ndiye mwakhulupirira tsopano?"

"Ndakhulupirira. Mundikhululukire."

"Ndinakuuzani katatu, abambo. Kachiwiri ndinagwira Baibulo. Simunamve. Mzungu wa mbuzi wakuuzani kamodzi, mwadiraiva maola awiri ndi theka."

"Ndinalakwa."

"Sindikukana kuti mwapepesa. Koma tandiyankheni ichi. Mzunguyo akanapanda kuona mkonowo, kapena mukanakhala kuti mumaphonya chifukwa cha maso, popanda wokuonetsani, bwenzi ine lero ndili ndani kwa inu?"

Yankho tonse awiri tinkalidziwa. Bwenzi ali hule mpaka lero, ine ndikumuwerengera muvi uliwonse. Sindinabwere chifukwa ndamukhulupirira iye, ndinabwera chifukwa ndakhulupirira jekete, ndipo iye anaziona ine ndisanazione.

Nsomba ndi chinangwa analandira ndi manja awiri, chifukwa analeredwa bwino, n'kupereka kwa mayi uja. Sanandiitanire m'nyumba. Akuluakulu a mpingo anayesa kutikhazika pansi kawiri, iye anabwera, anamvetsera mwaulemu, ndipo ponena zake anangoti alibe nane chidani, koma sangagone m'nyumba imene mawu ake amafunika mboni. Atamaliza sukulu anapeza ntchito konko ku Indianapolis. Ku South Bend anabwerako kamodzi, ndi mayi wamasiye uja, kudzatenga zovala ndi mabuku ake. Ndinawathandiza kunyamula makatoni mpaka ku galimoto.