Timphete Tinayi pa Tsiku Loika Abambo

Ndinadzuka tambala asanalire. Sindinganene kuti ndinagona, ndinangotsamira khoma pakati pa amayi ndi azakhali mpaka mutu unagwera wokha paphewa la munthu. Nyimbo zimene a mpingo anachezera nazo zinali zitazilala, kunangotsala amayi awiri amene ankang'ung'udza chapansipansi. Kunja kunkagwa mvula ya Januwale, yosakalipa koma yosaleka. Abambo anali gone pamphasa pakati pa nyumba, atafunditsidwa nsalu yoyera. Linali tsiku lachiwiri chimwalirireni.

Abambo anachokera kudziko la Apwitikizi ali mnyamata, wapansi, nalowa ntchito pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Anali mmisiri wa matabwa, wokhoma mabokosi a tiyi. Koma chimene chinawapatsa nyumba pafupi ndi shedi yopalira matabwa chinali china. Ankapanga ndi kukonza ndodo zowedzera nsomba za azungu, ndodo za nsungwi zopepuka ngati phesi, zimene ankapita nazo ku mitsinje yozizira ya kuphiri la Mulanje kukaponya mbedza yovekedwa nthenga. Pa ndodo yotere pamakhala timphete ta waya momwe chingwe chimadutsa. Kamphete kalikonse kali ndi timiyendo tiwiri, ndipo timiyendoto timakulungidwa ndi ulusi wa silika mpaka tigwirane ndi nsungwi. Kunsonga timpheteto n'tating'ono ngati njere za mphodza.

Zaka zitatu asanamwalire, maso a abambo anayamba kuchita nkhungu. Thabwa ankaliona, koma ulusi ayi. Kuyambira pamenepo timphete tonse ndinkamanga ndine, kuseri kwa nyumba, iwo atakhala pambali n'kumapapasa ndi chala kuti amve ngati pali ulusi wokwerana. Ankadziwa ndi amayi okha. Bwana akanamva kuti mmisiri wake saona, nyumba ija tikanaisiya.

Kutayamba kuyera, amayi a m'malayini, m'nyumba za antchito a esiteti, anasonkha moto pansi pa chisakasa cha udzu. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi n'kulowa m'nyumba. Mbiya ziwiri za nyemba za kalongonda zinali pamoto chiyambire dzulo lake, ndipo wina anabwera ndi dengu la chinangwa. Kenaka chitsulo cha kufakitale chinalira monga chimalirira masiku onse, ndipo amuna amene anachezera panja anadzuka mmodzimmodzi, kufunda masaka kumutu, n'kulowera kumunda. Inali nyengo yothyola masamba, tiyi ataphuka ponseponse, ndipo kapitawo anali atanena kale kuti palibe wotsala. Pakhomo panatsala nkhalamba zitatu. Kumanda kunali amuna awiri okha, ndipo uthenga unabwera wakuti dzenje likudzaza madzi kuposa mmene akukumbira.

Abambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo, anavala jekete n'kupita ku ofesi kukapempha anthu. Anabwerako atanyowa mpaka m'chiuno. Anaitanira amayi kukhonde la kuseri, ine n'kutsatira.

“Bwana akuti akufuna ndodo yawo,” anatero. “Masana ano akupita ku Mulanje. Ndodo ikafika ku ofesi nthawi ya nkhomaliro isanakwane, amasula anthu a chigawo chathu onse. Ikapanda kufika, tidikire Lamulungu.”

Linali Lachisanu. M'nyengo ya chinyezi ngati ija, thupi silikanafika Lamulungu.

Abambo aang'onowo anatsomola ndodoyo kudenga kumene abambo ankaisomeka. Inali ya zigawo zitatu. Ziwiri zinali zomalizidwa, koma chigawo cha kunsonga chinali chopanda timphete tinayi. Ndinasiyira pomwepo tsiku limene chifuwa cha abambo chinakula. Abambo aang'ono anachitembenuza m'manja awo odulira tiyi, nafunsa ngati m'nyumba muli ulusi wosokera zovala. Amayi anawauza m'Chilomwe, mawu ali pansi, kuti andipatse ine.

“Dolikayu?”

“Zaka zitatu, alamu,” anatero amayi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kuchisakasa kumene mkazi wa kapitawo ankatakasa moto.

“Asamve munthu. Ku ofesi ndikanena kuti achimwene anamaliza okha asanagone. Azungu akadziwa kuti takhala tikuwanamiza, amayi akowa mawa lomwe ali panja.”

Ntchitoyi imafuna kuwala, ndiye sindikanabisala m'chipinda. Ndinakhala pakhonde la kuseri lomwelo, pa kampando ka abambo. Ndinagoneka nsungwi pa kabokosi kamene anakasema mano awiri kuti ndodo izitembenuka bwino. Ulusi ndinaudutsitsa pakati pa masamba a buku la nyimbo n'kutsindira mwala pamwamba, chifukwa ndi mmene unkabwerera wokungika mofanana. Ndinapala timiyendo ta kamphete koyamba ndi tupa kuti tipyapyale, ulusi uzikwera osaphunthwa. Ndinakamata pa nsungwi ndi kadontho ka phula, n'kuyamba kutembenuza.

Vuto linali lakuti njira yochokera kumsewu inkadutsa kuseri komweko. Anthu anayamba kufika. Abale a amayi ochokera ku Masambanjati anafika ndi nkhuku ndi ufa, matope mpaka m'maondo. Ena anachokera ku Goliati, atanyamuka usiku. Azimayi akafika pa mtengo wa mapeyala ankayamba kulira mokweza monga mwa mwambo, n'kutulukira pakona ya nyumba, n'kupeza mwana wamkazi wa malemu ali khale, maso ali gwa, akupota kamtengo. Ena kulira kunkawathera pakhosi. Mmodzi anaima pafupi nane nthawi ndithu, ana ake atamugwira chilundu. Anafunsa mnzake ngati mutu wanga unali bwino. Mnzakeyo anati ana ophunzira ku mishoni ndi choncho, imfa saimva. Ndinamva zonse. Ndinkawerenga mizere ya ulusi mumtima kuti ndisayankhe.

Kamphete koyamba kanagwira bwino. Pomaliza umagoneka kaulusi kopinda pa nsungwi, kukulunga pamwamba pake kasanu ndi kamodzi, kulowetsa nsonga m'kaulusi kopindako n'kukoka kuti nsongayo ibisale pansi pa mizere. Palibe mfundo. Ndinadula chotsala ndi lumo n'kupita kwachiwiri.

Ndili pakati pa kachiwiriko, mkulu wa mpingo anatulukira kufunafuna buku la nyimbo. Lake linali litanyowa panjira. Ataliona pansi pa mwala, nkhope inasintha. Anachotsa mwalawo, natenga bukulo, nalipukuta ndi mkono wa malaya ngati ndalidetsa. Ulusi unakhwefuka, mizere yonse imene ndinakulunga inamasuka n'kulendewera. Ndinayambiranso, ulusi nditaupana pakati pa zala za kuphazi. Sunabwerenso mofanana. Zala zanga zinali zonyowa, silika ankamatirira, ndipo utsi unkandiliza misozi imene anthu aja ankaifuna, koma pa nthawi imene ndinkafuna maso.

Kachitatu kanandipulumuka. Phula linali litauma ndi kuzizira, ndipo nditangokhudza kanadumpha n'kugwera pansi pa khonde, m'dothi losakanikira ndi utuchi. Kena kotsala kunalibe, timpheteto tinkachokera kutsidya kwa nyanja towerengeka. Ndinagwada n'kumasefa dothi m'manja. Azakhali, mlongo wawo wa abambo, anandipeza ndili chigwadire.

“Dolika, asambitsa kale. Tiye ukawaone abambo ako.”

“Ndikubwera, azakhali.”

“Ukufuna chiyani m'dothimo?”

“Ndikubwera.”

Anapita akupukusa mutu. Kampheteko ndinakapeza katakanirira pa mpendero wa nsalu yanga.

Dzuwa silinkaoneka, koma tinkadziwa nthawi ndi kulira kwa makina a kufakitale. Abambo aang'ono ankangozungulira khonde, kupita kukona, kubwerera. Nditamaliza kachitatu ndinakweza nsungwi kudiso n'kuyang'ana motsata timphete, monga anandiphunzitsira abambo. Kanali kopendekera kumanzere. Pang'ono, koma kopendekera. Chingwe chikadutsa pa kamphete kotere chimakhula, ndipo woponya amamva m'dzanja.

“Kasiye,” anatero abambo aang'ono. “Mzungu aona chiyani pamenepo?”

“Aona. Ndiye adzati abambo anamaliza ndi ntchito yokhota.”

Ndinayesa kukakankha ndi chikhadabo, koma ndinali nditamanga molimba kwambiri chifukwa cha mkwiyo. Ndinatenga lumo n'kudula ulusi wonse wa kampheteko kuti ndiyambirenso. Abambo aang'ono anagwira kumutu n'kutukwana m'Chilomwe. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Nthawi imene ndinataya pamenepo ndi imene ndinaifuna pambuyo pake.

Azakhali anabweranso ndili pa kachinayi. Anati mkulu wa mpingo wanena kuti bokosi litsekedwe tsopano, chifukwa mtsinje wa panjira ya kumanda ukukwera, ndipo anthu akangomasulidwa tinyamuke nthawi yomweyo. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono. Kamwendo kamodzi kanali komangidwa, kena kali pakati. Ndikanasiya, zonse zikanamasuka.

“Mwana wopanda chisoni iwe,” anatero azakhali, osakweza mawu. “Anakulera ndi manja awo.”

Ndinali nditangogoneka kaulusi kopinda kaja pamene ndinamva nyundo. Anali anzawo a abambo a kushedi amene anakhoma bokosilo dzulo lake, ndipo nkhalamba imodzi mwa zitatu zija ndiyo inkakhomera chivundikiro. Misomali inali isanu ndi itatu. Ndinakulunga kasanu ndi kamodzi, kulowetsa nsonga, kukoka, kudula. Pamene ndinkadula, nyundo inali italeka.

Ndinapaka vanishi ndi nthenga ya nkhuku. Ndodo imafuna kupakidwa katatu, masiku atatu, m'malo opanda fumbi. Ine ndinapaka kamodzi, m'chinyezi, n'kuwauza abambo aang'ono kuti asakhudze pamene pali ulusi. Anathamanga nayo ataiphimba ndi tsamba la nthochi. Ine ndinalowa m'nyumba. Amayi amene anakhala pafupi ndi khomo anapinda miyendo kuti ndidutse, osandiyang'ana. Ndinagwada pa bokosi. Linkanunkha utomoni wa matabwa atsopano. Ndinaika dzanja pamwamba pake, ndipo vanishi wa kuzala kwanga anamata pa thabwa.

Chitsulo cha nkhomaliro chitalira, amuna anatulukira kuchokera m'munda akuthamanga, masaka akali kumutu, ena madengu akali kumsana. Khumi anapitirira ndi makasu kumanda. Ena anadya kalongonda ali chiimire. Tinanyamuka mvula itakulirako.

Njira ya kumanda imadutsa pakati pa mizere ya tiyi, ndipo ndi yopapatiza moti onyamula bokosi ankayenda chopingasa, masamba akuwanyowetsa mpaka m'chifuwa. Dothi lofiira linkaterera. Kawiri konse bokosi linapendama, azimayi n'kukuwa. Nyimbo inkayambira kutsogolo n'kukafika kumbuyo itachedwa, moti tinkaimba mizere iwiri nthawi imodzi. Ine ndinkayenda pambuyo pa amayi, ndipo kumanja kwanga ndi kumanzere kwanga kunali malo amene panalibe wofuna kuyendapo.

Pamene njira imadumpha msewu tinaimitsidwa ndi galimoto ya bwana. Inachepetsa liwiro, bwanayo anavula chipewa, ndipo dona, mkazi wake, anaweramitsa mutu. Chikwama chachitali cha ndodo chinali chomangirira m'mbali mwa galimotoyo. Anali ataiika kale m'nsalu, vanishi ali wosauma. Ndinadziwa kuti pofika ku Mulanje ubweya wa nsaluyo ukhala utamatirira pa timphete tonse tinayi. Galimoto inapita, ife n'kuwoloka msewu.

Mtsinje unali m'ntchafu. Amuna anasenza bokosi pamitu, amayi tinagwirana manja. Kumanda anali akukapabe madzi ndi zipande. Anayala masamba a nthochi pansi pa dzenje, natsitsa abambo ndi zingwe za khonje. Mkulu wa mpingo anafupikitsa mawu chifukwa cha mvula. Kenaka abambo aang'ono anaima kuthokoza anthu. Anati achimwene awo anali munthu wosasiya ntchito panjira, moti ngakhale ali pa mphasa ya matenda anamaliza ndodo ya bwana ndi manja awo, ndipo ndi ntchito yomalizayo imene yamasula anthu onsewa lero. Anthu anavomereza ndi kung'ung'udza. Mayi uja wa ana anandiyang'ana, nayang'ana kumbali. Ndinaponya dothi langa, linali chibuma cha matope, ndipo linagunda bokosi mwamphamvu kuposa mmene ndinafunira.

Madzulo anthu a kutali ananyamuka kuti awoloke madzi asanakwerenso, ndipo a m'malayini anapita kukagona msanga chifukwa m'mawa kunali ntchito. Azakhali anatenga mphasa yawo n'kukagona kwa anansi. Abambo aang'ono anadzera kudzanena kuti mmisiri watsopano abwera Lolemba kudzatenga zipangizo, ulusi ndi vanishi, popeza zonse n'za esiteti. Atachoka, mvula inaleka. M'nyumba munatsala ine ndi amayi, ndi madzi odontha kudenga kugwera m'mbale.

Amayi anatenga phulusa ndi madzi ofunda n'kuyamba kundichotsa vanishi kuzala, chala chimodzichimodzi. Atafika pa chala chachikulu ndinawafunsa.

“Amayi, nkhope yawo inali bwanji?”

Anapitiriza kukhula, kenaka anasiya.

“Sindinaione, mwanawe. Ndimayang'ana pakhomo kuti ulowa.”