Swaga Boy wa ku Nchilamwela

Intaneti inabwera ku Thyolo mu dengu la tiyi, ndipo amene anaisenza kuchokera ku Limbe ndi a Ben, amalume ake a Mervin, mwini nkhani yathuyi. Chabwino, limenelo ndi bodza. Koma za Mervinyu ndi zoona, mwina kupatulako pang'ono.

Lero Mervin ndi kapitawo wa othyola tiyi, bambo wa taye, wolankhula ngati akuwerenga vesi. Kale, Fesibuku ili yaulere pa mafoni a mabatani, dzina lake linali Swaga Boy Wa Mabebi. Netiweki inkagwira pachulu chimodzi chokha pakati pa munda wa esiteti, ndipo anachikhalira chulucho mpaka chiswe chinasamuka. Moni wake unali "xaxa", kuseka kwake "kkkk" wotalika ngati mzere wa tiyi. Ngakhale mkazi wake Lizzie anamupeza ndi kabatani kotokosera anthu kaja. Anatokosana dzinja lonse asanapatsane moni wapakamwa.

Tsono mwezi watha dzina lake linatchulidwa kuti akhale mkulu wa mpingo wa Sabata. Anyamata a kwaya, osowa chochita, anafukula chithunzi: Mervin ali ndi magalasi akuda, kolala chiimire, akuthyola dansi ku Luchenza. Iye mwini analemba pansi pake kuti "Lachisanu lawotcha!" Kumbuyo kuli mdima bii, Sabata italowa kale.

Anafuna kuchifufuta, koma mawu achinsinsi anawaiwala, ndipo simu yakaleyo inapita ndi foni yake m'chimbudzi. Anakakwera chulu chija, poganiza kuti mwina mawuwo anatsalira pomwepo. Anangokhala ndi foni ya Lizzie, kuwerenga zakale, n'kuyamba kuseka yekha. Masiku amenewo ukalemba kuti "ndatopa", Thyolo yense ankafunsa chavuta n'chiyani. Lero amangokuponyera kachala.

Koma komiti ya mpingo yosankha mkuluyo inali kukumana mawa lake, ndipo m'komitimo muli amalume ake aja, a Ben. Anawapeza akusenda nthochi pakhonde.

"Amalume, mukandilankhulireko mawa."

"Iwe, ndikalankhule chiyani? Ine za Fesibukuzo sindinazikhudzepo chibadwire. Lachisanu dzuwa likamalowa ndimakhala nditagwira kale buku la nyimbo. Ngakhale nkhuku zanga zimadziwa."

"Chibadwire?"

"Ndikanama nthochi iyi indikhale pakhosi."

Mervin anakhala pansi bwinobwino, n'kutsegula ndemanga za pansi pa chithunzicho. Anawerenga mokweza, ndi mawu ake aja a vesi:

"Ben Mkango Wolusa. 'Xaxa mfana! Ndili panjinga, dansi isathe ndisanafike kkkkk.'"

"A Ben alipo ambiri m'Thyolo muno."

"Eetu. Koma wachipewa chimene mwavalachi ndi mmodzi." Anawayandikizira foniyo kumaso kuti aone kachithunzi ka pambali pa dzinalo. "Anyamata a kwaya sanafike pa ndemangazi. Mawa povota mukweza dzanja liti, a Mkango?"